Galu Wochotsedwa Ntchito

Galu wamng'ono akang'amba mtsamiro, kutafuna mwendo wa mpando kapena kukumba maenje pakapinga, mlandu wake suchedwa kugamulidwa: ndi wosamva, akufunika chikwapu. Chigamulo chimenechi n'cholakwika, ndipo umboni wake uli m'mbiri ya kawetedwe ka agalu. Kwa zaka mazanamazana munthu ankasankha agalu oti aswane poyang'ana ntchito yawo, uyu wodziwa kusaka, uyu wokusa ziweto, uyu wolondera. Kenaka m'zaka zosakwana 200 ntchitoyo anaichotsa, koma mtima wofuna ntchito anausiya momwemo. Zidole zobisamo chakudya, masewera onunkhiza ndi maphunziro a agalu amene afala masiku ano ndi njira yobwezera galu chimene analandidwa.

Mtundu woonetsa bwino nkhaniyi ndi Border Collie, galu wa abusa a m'malire a England ndi Scotland. Kumeneko nkhosa zimadya zitamwazikana m'mapiri ozizira, ndipo mbusa mmodzi sangazisonkhanitse ndi miyendo yake yokha. Mu 1873 ku Bala, m'dziko la Wales, kunachitika mpikisano wa agalu okusa nkhosa umene ambiri amati ndi woyamba, ndipo abusa anapeza bwalo loonerapo galu wa yani ali ndi mutu. Patapita zaka 20, kwa mlimi Adam Telfer wa ku Northumberland kunabadwa galu wotchedwa Old Hemp, kholo la agalu ambiri a mtunduwu lero. Anzake ankakusa nkhosa mwaphokoso, iye mwakachetechete, ndipo zidzukulu zake zimaterobe. Galu wa mtunduwu amathamanga mozungulira patali kuti nkhosa zisadzidzimuke. Akafika kumbuyo kwake amatsitsa mutu, mimba pafupi ndi nthaka, maso ali dwii pa nkhosa yotsogolera, n'kumasendera pang'onopang'ono. Mluzu wa mbusa ukalira amagona pansi, ukalira mwina amakhotera kumanja. Koma akalowa kuseri kwa phiri kumene mbusa sakumuona, amaganiza yekha kuti nkhosa yopulupudza aitsekereze pati, yofooka aifulumize motani. Ntchito yotereyi imatopetsa mutu kuposa miyendo, ndipo bungwe la International Sheep Dog Society, lokhazikitsidwa mu 1906, linkalemekeza galu chifukwa cha luso limeneli, osati kukongola kwa ubweya.

M'zaka zomwezo, ku Britain komweko, njira ina inali kutseguka. Mu 1859 ku Newcastle kunachitika chionetsero cha agalu chopikisana pa maonekedwe. Cha m'ma 1860 James Spratt anayamba kugulitsa mabisiketi a agalu ku London, ndipo mu 1873, chaka chomwe cha mpikisano wa ku Bala, kunabadwa bungwe la zionetsero za agalu la Kennel Club. Anthu ankachoka m'minda kupita m'mizinda, galu n'kusanduka wa pabalaza, chakudya chake chikumupeza m'mbale osachivutikira. Ena anaona ngozi yake nthawi ikadalipo. Max von Stephanitz, amene anayambitsa bungwe la agalu a German Shepherd ku Germany mu 1899, ataona kuti ubusa wa nkhosa ukuchepa, analimbikira kuti agalu ake alowe ntchito ya upolisi ndi usilikali. Ku America, American Kennel Club itavomereza Border Collie m'zionetsero zake mu 1995, oweta agalu a ntchito anakana kwamtuwagalu poopa kuti luso lidzasinthanitsidwa ndi maonekedwe. Komabe agalu a mitundu imeneyi anadzaza m'nyumba za anthu opanda nkhosa ndi imodzi yomwe, ndipo Collie wopanda nkhosa amakusa ana, njinga ndi magalimoto odutsa.

Nzeru yothetsera vutoli inachokera kwa ofufuza za makhalidwe a nyama. Mu 1963 Glen Jensen anaonetsa kuti makoswe ophunzitsidwa kudina kachitsulo kuti apeze chakudya amapitiriza kudina ngakhale chakudya chaulere chili pambali pawo. Zomwezi zinaonekanso pa nyama zina zambiri, kupatula mphaka woweta amene amakonda chaulere. M'zaka za m'ma 1970, Hal Markowitz anapanga zida pamalo osungira nyama zakutchire ku Portland zoti anyani azivutikira chakudya chawo m'malo mongoponyeredwa. Phunziro lake linali lakuti kufunafuna chakudya ndi chosowa cha nyama pachokha, chosiyana ndi kukhuta. Nthawi yomweyo ku Denver, makaniko Joe Markham anali ndi German Shepherd wotchedwa Fritz amene ankatafuna miyala mpaka kuwononga mano. Fritz anakonda kachidutswa ka labala kochokera m'galimoto ya Volkswagen, ndipo pamenepo panachokera chidole cha Kong, chogulitsidwa kuyambira 1976, chimene kubowo kwake anthu amaikamo chakudya kuti galu azinyambita ndi kugubuduza. Mu 1978 chionetsero cha agalu cha Crufts chinaonetsa masewera odumpha mipanda ndi kudutsa m'mipaipi, ndipo mu 1990 Nina Ottosson wa ku Sweden anayamba kupanga matabwa a timabowo totsekeka toti galu atsegule ndi mphuno kapena phazi. Kukula kwa mutu umene ukusowa chochitawu anakuonetsa ndi Chaser, Border Collie wa John Pilley ku South Carolina, amene anaphunzira maina a zidole 1,022.

Wina anena kuti zonsezi ndi malonda chabe, makampani apanga vuto kuti agulitse mankhwala ake. Zoona, malonda alipo, ndipo zidole zambiri n'zokwera mtengo mopanda chifukwa. Koma Fritz ankatafuna miyala Kong asanapangidwe, ndipo makoswe a Jensen sankagula kanthu. Chimene chimathandiza galu ndi ntchitoyo, osati chidole. Chakudya chomwazidwa m'kapinga kuti achipeze ndi mphuno, fupa lobisidwa pansi pa katoni, mphindi zochepa zophunzira kukhala, kudikira ndi kubweretsa chinthu chotchulidwa dzina, zonsezi sizilira ndalama. Wina anenanso kuti kungomuthamangitsa n'kokwanira. Kuthamanga n'kofunika, koma agalu amenewa anapangidwa kuti azitha tsiku lonse m'phiri, choncho mwini wake ndiye amayamba kutopa, galu akungowonjezera mphamvu. Zili ngati mmisiri wa matabwa womulanda zida n'kumuuza kuti azizungulira bwalo: thukuta atuluka, koma manja ake aziyabwabe.

Chotsutsa cholemera kwambiri n'chakuti si kuwononga konse kumene kumachokera m'kusowa chochita, ndipo ichi n'choyenera kuchivomereza. Mwana wa galu amakhala ndi mano 28 amene amaguluka kuti pamere 42, ndipo mpaka atakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri nkhama zimamuyabwa, amatafuna chilichonse ngakhale atatanganidwa chotani. Palinso galu wankhawa, amene amalira ndi kukanda chitseko mwini wake akangotuluka, chakudya osachikhudza n'komwe. Ameneyu chidole sichimuchiritsa, amafunika kuzoloweretsedwa pang'onopang'ono kukhala yekha, mwinanso thandizo la dokotala wa ziweto. Koma mano akatha kumera kuwononga n'kumapitirira, galu ali wosangalala, akudya bwino, akusankha zong'amba modekha, chifukwa chake sichikhalanso mano kapena mantha. Apa m'pamene eni ambiri amataya mtima n'kutenga tcheni, chimene chimakulitsa vuto lomwelo.

Wowerenga wa kwathu kuno anganene kuti agalu a kumudzi sanaonepo chidole koma sang'amba katundu. N'zoona, koma tayang'anani tsiku la galu wa kumudzi. Amatsatira mbuye wake kumunda, amapirikitsa anyani m'chimanga, amanunkhiza mbewa m'mizere, kale ankapita ku uzimba, ndipo chakudya chake china amadzifunira yekha. Ntchito sanachotsedwe. Amene wachotsedwa ndi wa m'mipanda ya njerwa ya ku Lilongwe ndi Blantyre, kawirikawiri German Shepherd kapena Boerboel wogulidwa kuti azilondera, amene amatsekeredwa m'khola kuyambira m'mawa mpaka madzulo n'kumasulidwa usiku pabwalo lomwelo la dzulo. Zimene zinatenga zaka zoposa 100 ku Britain zachitika kuno m'mbadwo umodzi kapena iwiri. Kumutsegulira geti kuti aziyendayenda si yankho, chifukwa chiwewe chikuphabe anthu ndipo misewu ya m'tauni ili ndi magalimoto. Poti mpanda sungachoke, munda ndi uzimba wa galuyo ziyenera kulowa mumpandamo: chakudya chamadzulo chibisidwe m'malo angapo kuti achisake, atuluke pachingwe n'kuloledwa kuima ndi kununkhiza m'mbali mwa msewu, ndipo munthu mmodzi wa pakhomopo akhale mbusa wake womuphunzitsa kanthu katsopano galuyo asanakule.