Honda ya ku Rufunsa ndi Zaka Zopanda Masipeya

Mukangodutsa Chongwe kulowera kum'mawa, njinga yamoto iliyonse imasanduka honda. Kaya ndi Yamaha, kaya ndi Boxer ya ku India, kaya ndi ija ya ku China yolembedwa dzina lovuta kutchula, anthu amangoti, "Yabwera honda." Ana amene ndimaphunzitsa kuno ku Lusaka amaseka ndikawauza zimenezi, koma dzinali silinagwe kumwamba. Lili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi imene imagamula kuti ndi njinga iti yakale ingadzukenso, ndi iti imene idzakhale poikira mazira nkhuku mpaka kalekale.

Boma la Rufunsa ndi laling'ono m'zaka. Linadulidwa ku Chongwe mu 2012, Michael Sata ali pulezidenti. Msewu wa Great East umalipyoza pakati, kudutsa pa akasupe otentha a Chinyunyu, kutsika mapiri a Manenekela mpaka ku mlatho wa Luangwa. Phula lenileni ndi lomwelo. Mukapatuka kupita m'midzi ya mafumu Mpanshya, Bunda Bunda kapena Shikabeta, mukumana ndi miyala, mchenga ndi timitsinje todzaza nthawi ya dzinja. Inu a ku Mtendere ndi ku Kanyama mumakwera njinga yamoto pothawa mzere wa magalimoto. Kumeneko mayi amene mimba yamuvuta usiku amaifuna kuti akafike ku chipatala cha St Luke's ku Mpanshya kusanache. Njinga ikafa pamudzi, sikuti mwiniwake yekha ndiye wagwa m'mavuto.

Kusowa kwa masipeya kuno kwathu sikunayambe dzulo. Mu 1965 Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu okhaokha ku Rhodesia, Zambia inapezeka kuti njira ya katundu wake ikudutsa pakhomo pa mdani. Mu Januwale 1973 Smith anatseka malire. Atasintha maganizo, Kenneth Kaunda anakana kutsegula mbali yathu, ndipo sitima zonyamula katundu wathu zinadzayambanso kudzera kum'mwera mu 1978. Chaka chomwecho cha 1973 mtengo wa mafuta unakwera padziko lonse. Pofika mu 1975 mtengo wa mkuwa unali utagwa, chonsecho mkuwawo ndiwo unkabweretsa ndalama zakunja zoposa 90 pa 100 iliyonse.

Boma linayamba kugawa ndalama zakunja ngati ndiwo zapamaliro. Wofuna kuitanitsa katundu ankayamba wapempha chilolezo, kenako n'kudikira miyezi kuti apatsidwe madola. Mafuta, feteleza, mankhwala ndi zitsulo za m'migodi zinali patsogolo pa mzere. Nanga ndani akanakumbukira maringi a pisitoni a njinga ya mlangizi waulimi wa ku Rufunsa? Mafakitale tinali nawo ndithu. Dunlop inkapanga matayala ku Ndola, ku Livingstone ankalumikiza magalimoto a Fiat, ku Chipata kunkatuluka njinga zakapalasa za Eagle. Koma nawonso ankadalira zipangizo zochokera kunja, ndiye madola akasowa nawonso ankagona ndi njala. Kenako nkhondo inafika pamsewu weniweniwo: mu Novembala 1979 asilikali a Rhodesia anaphulitsa milatho ingapo m'Zambia, umodzi mwa iyo unali wa Chongwe, khomo lolowera ku Lusaka kwa aliyense wochokera kum'mawa.

Mu Okutobala 1985 boma linayamba kugulitsa madola pa okushoni mlungu uliwonse, motsatira malangizo a IMF. Dola imene inali pafupifupi K2.20 inalumphira pa K5 tsiku loyamba lomwelo, ndipo pofika Epulo 1987 inali itakwana K21. Pa 1 Meyi 1987 Kaunda anasiyana nayo IMF. Amene anali ndi changu ankapita mumsewu wa Katondo kukagula madola mobisa. Kwa mwini njinga wakumudzi zonsezi zinkatanthauza chinthu chimodzi: poyamba sipeya kunalibe, kenako inaoneka pashelefu koma pamtengo wa ng'ombe.

M'zaka zimenezo ndimo munabadwa amakaniko amene ndikufuna muwadziwe. Gasiketi ankaidula pa katoni, akuigogoda ndi kahamala m'mphepete mwa chitsulo mpaka itatenga maonekedwe ake. Sipuloketi ikatha mbali imodzi ankaitembenuza. Mabuleki akatha ankakhomerapo chikopa cha mabuleki a galimoto ndi tizitsulo tofewa. Kebulo ya kilatchi ikaduka ankawotcherera mutu watsopano. Chubu chimodzi chakale chinkapereka zigamba za chaka chonse, ndipo tayala likaphulika kuthengo ankalipakira udzu kuti munthu angofika kwawo. Njinga zitatu zakufa zinkapha njala ya imodzi yamoyo. Sindikufuna kuti muziyese nthano yokoma. Zambiri mwa njirazi zinali zoopsa, ndipo anthu ankazichita chifukwa panalibenso kwina kolowera.

Nanga n'chifukwa chiyani njinga zina zinapirira nkhanza zoterozo pamene zinzake zinatha? Yankho lili ku Japan. Mu 1974 akatswiri a kampani ya Honda anayendera mayiko a ku Asia monga Thailand ndi Indonesia kukaona mmene anthu ankagwiritsira ntchito njinga zawo. Anapeza banja lonse litakwera pa njinga imodzi, oilo sasinthidwa mpaka itada ngati phula, sefa ya mpweya sitsukidwa. Injini zawo za nthawiyo zinali ndi camshaft pamwamba, m'mutu mwa injini, malo amene oilo imachedwa kufika. Oilo ikada, mutuwo unkadyeka. Atabwerera kwawo anapanga CG125, imene inatuluka mu 1975. Camshaft anaitsitsira pansi pafupi ndi oilo, mavavu n'kumakankhidwa ndi timitengo tachitsulo tiwiri. Sefa ya mpweya anaipanga ya siponji yoti n'kuchapa ndi kubwezerapo. Si njinga yothamanga ayi, ndipo ikamayenda imalira ngati makina osokera. Koma anaipangira munthu amene sadzaonana ndi galaji, ndipo munthu ameneyo ndi wa ku Rufunsa ngakhale opangawo sanamvepo dzina la malowo.

Amalume anga, amene amalima chakumpoto kwa msewu, ali ndi CG125 ya mtundu woyambawo, ya mapointi ndi magetsi a 6 volts. Inakhala zaka 6 kuseri kwa nyumba itafundidwa malata. Pa holide ya Ogasiti tinaikweza pa ngolo kupita nayo kwa makaniko wina wachikulire wa pamsewu, amene anaphunzira ntchito m'zaka za mizere ya sopo ndi saladi. Sanafunse kuti inafa bwanji. Anaponda kiki, n'kupeza kuti yauma gwa.

"Aphunzitsi, musaikakamize," anatero. "Injini ifuna zinthu zitatu basi: moto, petulo ndi mphamvu yopanikiza. Tizifufuza chimodzichimodzi."

Anachotsa pulagi n'kuthira dizilo pabowo lake, ndipo tinadikira masiku 4 kuti dzimbiri limasule maringi. Tsiku lachisanu kiki inatsika. Anatseka bowolo ndi chala chachikulu, ine n'kuponda. Chala chimayenera kukankhidwa mwamphamvu, koma apa mpweya unangomusisita. Pisitoni ndi silinda zinali zitadyana. Thanki anaitsuka poponyamo manati odzaza dzanja ndi palafini, anyamata awiri n'kumaikhutchumula mosinthana mpaka dzimbiri litatuluka ngati gaga. Mu kabyuleta petulo wakale anali atauma n'kusanduka ulimbo. Timabowo take anatibowola ndi kachingwe kamodzi ka waya wa mkuwa, osati singano, chifukwa singano ndi yolimba, imakulitsa bowo, ndipo njinga imayamba kumwa petulo ngati chidakwa.

Za moto ndiye zinandiphunzitsa mbiri kuposa mabuku anga. Mapointi anawapala ndi sandipepala n'kuwasiyanitsa kampata kochepera theka la milimita. Kondensa inali itafa. Ndinaifunafuna m'mashopu a m'tauni ku Lusaka, ndipo mnyamata wina wogulitsa anandiyang'ana ngati ndamufunsa mtengo wa galamafoni. Iye anakulira pa CDI, kabokosi kakuda kosatsegulika kamene kakafa umangotaya. Nditabwerako chimanjamanja, mdala uja anangotsegula chitini chake cha zitsulo zakale n'kutulutsa kondensa ya galimoto. Anaimangirira kunja pafupi ndi koyilo. Titagunditsa pulagi pa injini n'kuponda, moto wabuluu unathetheka.

Silinda inayenera kupita ku Lusaka kukakulitsidwa pa makina, chifukwa imeneyo si ntchito ya pansi pa mtengo. Bowo la CG125 ndi mamilimita 56.5, ndipo mapisitoni okulirapo amabwera mokwera ndi 0.25 mpaka kufika milimita imodzi. Yathu inafuna wa 0.50. Apa m'pamene mbiri inatembenuka. Pisitoni woteroyo, amene mu 1986 munthu akanamusaka chaka chathunthu, ndinamupeza m'shopu yachiwiri imene ndinalowa.

Chifukwa chake n'chakuti boma la MMD litalowa mu 1991 linatsegula zipata za malonda, ndipo mu 1994 malamulo oletsa kugula ndalama zakunja anaimitsidwa. M'zaka zomwezo mafakitale a ku China, makamaka a mumzinda wa Chongqing monga Lifan, Zongshen ndi Loncin, anali kupanga njinga zambirimbiri, ndipo injini imene inakoperedwa kwambiri inali ya CG yomweyo. Njinga zambiri zotchipa zimene zimanyamula makala ndi anthu okumba golide ku Rufunsa lero ndi zidzukulu zake. Choncho amene amazitcha honda sakunama kwenikweni. Gogo wa mu 1975 amatha kuvala zovala za mdzukulu wake, bola muyeze kaye. Mdala uja anandiuza kuti ndinyamule pini yakale ya pisitoni m'thumba, chifukwa zina ndi za mamilimita 15 pamene zina ndi za 13, ndipo wogulitsa adzalumbira kuti zonse n'zimodzi.

Mwayi umenewu sunagwere njinga zonse. Honda XL125, imene ili ndi camshaft m'mutu, ikadya mutuwo imafuna wina wathunthu. Yamaha AG100, imene mabungwe ndi alangizi ankaikonda chifukwa cholimba m'matope, imapsereza petulo wosakaniza ndi oilo. Pampu yake ya oilo ikafa anthu amasakaniza okha m'thanki, ndipo tsiku limene wokwera waiwala, pisitoni imagwira. Masipeya ake enieni alipo koma ndi okwera mtengo. Njinga zoterezi ndi zimene mumaziona zitatsamira zipupa m'madera akumidzi, udzu utamera m'masipoko. Si Zambia yokha. Mu 1988 Barry Coleman ndi katswiri wa mpikisano wa njinga Randy Mamola anakaona zofananazo ku Somalia: njinga za achipatala pafupifupi zatsopano zitafa chifukwa chosowa kasipeya kakang'ono. Apo m'pamene panachokera bungwe la Riders for Health, limene mfundo yake ndi kusintha chitsulo chisanathyoke. Mfundoyo ndi yabwino, koma imafuna munthu wokhala ndi ndalama m'manja mwezi uliwonse, osati mlimi amene amaona ndalama kamodzi pachaka akagulitsa chimanga.

Lero kusowa kwasintha nkhope. Masipeya adzaza, koma ali ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 100, ndipo ambiri ndi ofewa. Tcheni chotchipa chimatamuka dzinja limodzi lisanathe. Petulo wa m'zigubu za pamsewu nthawi zina amabwera ndi madzi kapena fumbi, ndiye tinaika kasefa papaipi yopita ku kabyuleta. Chimene chikusowa kwambiri, mmene ndikuonera ine, ndi anthu odziwa kumvetsera injini. Anyamata amene amathandiza mdala uja ndi achangu pomasula ndi kumanga, koma akapeza vuto amayamba afunsa kuti chatsopano chili pa zingati. Sindiwadzudzula. Kondensa ya galimoto sangaiganizire munthu amene sanakhalepo chaka akudikira yeniyeni.

Silinda itabwera pa basi, mdala anamanga injini tsiku limodzi. Mavavu anawapatsa mpata wa 0.08 injini ili yozizira, anatsuka kasefa ka oilo kamene kali pansi, n'kuthira oilo yatsopano. Inalira pa kiki yachisanu ndi chiwiri, n'kutulutsa utsi umene unathamangitsa nkhuku pabwalo lonse. Anawachenjeza amalume kuti asaithamangitse kapena kuisenzetsa matumba mpaka maringi atakhazikika, ndipo asinthe oilo mwezi usanathe.

Gasiketi ya chivundikiro chakumanja ndi ya katoni ya sopo mpaka lero, ndipo sidontha. Kebulo ya sipidomita sitinaipeze yokwanira, ndiye muvi wake unaima pa ziro. Amalume amayeza mtunda ndi mabotolo a petulo: kupita ku Mpanshya ndi kubwerera, amati ndi mabotolo awiri, atatu ngati anyamula wodwala ndi womudikirira.