Momwe Gwero la Chikasu Linadziwikira

Matenda a chikasu ndi akale. Hippocrates wa ku Greece anawafotokoza, koma gwero lake linabisika kwa zaka mazanamazana. Mu 1883 ku Bremen, anthu 191 okonza zombo anayamba chikasu atabayidwa katemera wa nthomba wopangidwa ndi timadzi ta m'thupi la anthu ena. Madokotala anayamba kukayikira magazi.

Chinsinsi chinaululika mwangozi. Baruch Blumberg sankafufuza za chiwindi n'komwe; ankatolera magazi a mitundu ya anthu kuti aone kusiyana kwa chibadwa chawo. Iye ndi Harvey Alter anapeza kanthu kachilendo m'magazi a mbadwa ina ya ku Australia, ndipo polengeza mu 1965 ankaganiza kuti kakukhudzana ndi khansa ya m'magazi. Mu 1968 Alfred Prince wa ku New York anasonyeza poyera kuti kanthuko kamapezeka mwa odwala hepatitis B, matenda a chiwindi obweretsa chikasu, ndipo David Dane anaona kachilombo kenikeniko ku London mu 1970. Mwa onsewa, Blumberg yekha ndiye analandira mphoto ya Nobel mu 1976. Ine ndimati Prince anamanidwa, pakuti kutola chinthu n'kosavuta kusiyana ndi kuchizindikira. Kanthu komweko n'kamene namwino amafufuza lero m'dontho la magazi a pachala.

Katemera wa hepatitis B anatuluka mu 1981, koma ana a ku Zambia anayamba kumulandira mu 2005. Choncho ambiri obadwa chaka chimenecho chisanafike alibe chitetezo. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2016 anapeza kachilomboka mwa akuluakulu 5.6 pa 100 aliwonse.

Mankhwala a tenofovir, amene amafooketsa kachilomboka ngakhale sakachotseratu, anabwera ku Zambia mu 2007 chifukwa cha HIV. Wodwala matenda onse awiri anathandizidwa msanga; wa hepatitis B yokha anaiwalika.

Ku Lundazi, m'Zambia momwemo, nkhaniyi imalemera chifukwa cha mtedza. Ukasungidwa wosauma bwino umachita chuku chokhala ndi poizoni wa aflatoxin, ndipo poizoniyu akakumana ndi kachilomboka m'chiwindi chimodzi, khansa imabwera msanga. Bambo akatupa mimba, apamudzi amaloza kachasu kapena ufiti, ena n'kumutemera mphini ndi lumo lomwe latemera anzake. Komanso kwa zaka zambiri jekeseni woyamba wa hepatitis B kusikelo wakhala akubwera mwana atakwanitsa masabata 6, pomwe bungwe la WHO limafuna kuti abayidwe pasanathe maola 24, chifukwa mayi angamupatsire kachilomboka pobereka.