Mafuta odzola a ku Kopala: kuchokera ku nsatsi mpaka Zam-Buk

Pa Facebook ndi pa msika wa Chisokone ku Kitwe, achinyamata akugulitsa tizitini ta mafuta ochiritsa ming'alu ndi zilonda, opangira kunyumba. Ambiri amati ndi bizinesi yatsopano. Koma ntchitoyi inalipo migodi isanakumbidwe.

Ndola asanakhale boma la atsamunda mu 1904, dziko lino linali la Alamba. Kuno, monganso ku Lubemba ndi kum'mawa kwa Achewa ndi Ansenga, mafuta odzola ankachokera ku nsatsi, zomwe Abemba amati mono. Amayi ankakazinga njere zake, n'kuzisinja mumtondo, n'kuziwiritsa m'madzi, kenako n'kuwengula mafuta oyandama pamwamba. Njere yaiwisi ya nsatsi ndi poizoni, koma mafuta oyengedwa bwino ankadzoza nawo makanda ndi anamwali. Pa miyambo ankawasakaniza ndi nkula, ufa wofiira wa mtengo. Audrey Richards, amene anaonerera chinamwali cha Chibemba ku Chinsali mu 1931, anatchula ufawu m'buku lake la Chisungu.

Mgodi wa Nkana utayamba kutulutsa kopa mu 1932, anthu anakhamukira kuno kuchokera ku Luapula, ku Fort Jameson ndi ku Nyasaland. M'komboni ya pamgodi munalibe munda wa nsatsi, koma munali sitolo ndi malipiro a mwezi. Mafuta a m'chitini analowa m'malo mwa a m'nsupa.

Awiri anatchuka koposa. Vaseline ndi ya Robert Chesebrough wa ku America, amene anaitenga ku phala lomata pa makina okumba mafuta a pansi ku Pennsylvania, n'kuilembetsa mu 1872. Zam-Buk inayamba kupangidwa ku Leeds, ku England, mu 1902. Dzinalo lisakunamizeni: Zambia anabadwa mu 1964, chitinicho chili kale ndi zaka zoposa 60. Fungo lake lija limachokera ku mafuta a bulugamu, camphor ndi thyme. Ndi m'zitini zotere mmene agogo athu anakumana ndi zomwe lero timazitcha essential oils, mafuta otchezedwa ku masamba ndi nthunzi.

Bulugamu ndi mtengo wa ku Australia, koma ku Kopala wadzaza. M'zaka za m'ma 1960 boma linayamba kubzala nkhalango zazikulu za bulugamu ndi paini kuti migodi ndi mafakitale zipeze mitengo. Lero nkhalangozo, monga Chati ndi Ichimpe, zili m'manja mwa ZAFFICO ya ku Ndola. Komabe mtundu wochuluka kumeneko ndi wa mapolo ndi matabwa. Mafuta ambiri a bulugamu ogulitsidwa padziko amachokera ku China.

Phula sitifunika kuitanitsa kunja. Alimi a njuchi a ku Kabompo ndi Mwinilunga akhala akukolola uchi ndi phula m'ming'oma ya makungwa kwa mibadwo, ndipo zambiri zimagulitsidwa ku Europe. Wosungunula muyeso umodzi wa phula m'miyeso inayi ya mafuta a nsatsi kapena a mpendadzuwa amapeza mafuta olimba bwino, a kwathu kuno ndithu.

Chachilendo m'chitini cha lero ndi kabotolo kaja basi, ndipo ngozi ili pomwepo. Agogo ankadziwa muyeso wa nsatsi chifukwa anaphunzira kwa amayi awo, koma essential oils alibe mwambo wotero kwathu. Ndi aukali: gawo limodzi kapena awiri pa magawo 100 ndi okwana kwa wamkulu. Mafuta a bulugamu ndi camphor sayenera kufika pankhope ya khanda, ndipo mwana akamwa ngakhale pang'ono akhoza kukomoka. Wolemba pa chitini kuti chimachiza matenda adziwenso kuti kuyambira mu 2013 mankhwala m'Zambia amayang'aniridwa ndi ZAMRA. Amayi a kale ankadzoza ana a m'mudzi mwawo, owadziwa. Inu mukugulitsa kwa mayi amene simudzamuonanso, choncho lembani pa chitini zonse zimene mwaikamo.