Kucokera pa Khadi Loboola Kufika pa Fulashi

Mnzanu wa m'kwaya akapempha nyimbo, mungotenga foni kapena fulashi, ndipo m'kamphindi nyimbo yapita. Kodi munaganizapo za njira imene anthu anayenda kuti tifike pamenepa? Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono, pakuti m'mbiri imeneyi muli phunziro lokhudza mpingo wathu.

Poyamba panali makhadi a pepala lolimba, oboola timabowo. M'caka ca 1890 boma la America linawerenga anthu ace ndi makina a Herman Hollerith, amene anali kuwerenga timabowo timeneti. Mu 1928 kampani ya IBM inapanga khadi losunga zilembo 80, ndipo makompyuta atabwera anatengera makhadi omwewo. Munthu wofuna kusamutsa nchito yace ananyamula makhadi m'bokosi. Bokosi likagwa, makhadi n'kusokonezeka, anayenera kuwayala kaciwiri limodzi ndi limodzi. Kuti mulembe mau onse a m'Baibulo pa makhadi otere mukanafuna makhadi pafupifupi 50,000.

Pambuyo pace panabwera tepi. Kompyuta ya UNIVAC inayamba kusunga zinthu pa tepi mu 1951, ndipo m'zaka za m'ma 1980 makompyuta a m'nyumba monga ZX Spectrum anagwiritsa nchito kaseti wamba, yonga ija makolo athu anamverapo nyimbo. Vuto la tepi linali lakuti cinthu ca kumapeto simukanacipeza musanapote tepi yonse.

Cimene cinapeputsa katundu ndi disiki ya floppy. IBM inatulutsa yoyamba mu 1971, ndipo inali yaikulu mainchesi 8. Kenaka kampani ya Sony ya ku Japan inapanga yaing'ono ya mainchesi atatu ndi theka, yolowa m'thumba la shati. Imene inafala kwambiri inasunga 1.44 MB, kotero kuti mau a m'Baibulo lonse anakwana pa madisiki atatu kapena anai. Koma floppy inali yosalimba. Fumbi, kutentha kapena maginito zinali kuononga zonse zolembedwamo. Inalinso kunyamula matenda a kompyuta: mu 1986 vairasi ya Brain, yolembedwa ku Lahore m'dziko la Pakistan, inafika m'maiko ambiri poyenda pa ma floppy amene anthu anali kubwerekana.

Kucokera apo zinthu zinathamanga. CD imodzi inasunga zokwana ma floppy oposa 400. Kabowo ka USB kanayamba mu 1996, ndipo fulashi inayamba kugulitsidwa m'caka ca 2000, zoyambazo zina zikusunga 8 MB cabe. Mafaelo anayambanso kuyenda pa waya wa lamya popanda munthu wowanyamula. Kuno kwathu intaneti inafika mu 1994 kudzera mwa ZAMNET, imene inayambira pa University of Zambia. Mu 2011 Sony inaleka kupanga ma floppy. Lero mukapeza floppy m'kabati, makina oiwerenga mudzawafuna mpaka kutopa.

Apa ndi pamene pali phunziro lathu. Mu 1086, mwa lamulo la mfumu William ya ku England, minda ndi cuma ca dziko lace zinalembedwa m'buku lacikopa, dzina lace Domesday Book. Patapita zaka 900, mu 1986, wailesi ya BBC inafuna kucita cimodzimodzi m'njira yamakono. Ana a sukulu ambirimbiri analemba za midzi ndi matauni ao, ndipo zonse zinaikidwa pa madisiki aakulu a LaserDisc. Zisanathe zaka 20, makina owerenga madisikiwo anali atasowa, ndipo akatswiri anavutika kwambiri kuti apulumutse zolembedwazo. Koma buku lacikopa lija liwerengeka kufikira lero. Cosungiramo ciliconse cimakalamba. Cimene cimapulumuka ndi cokhaco cimene munthu wina anasamala kucikopera pa cosungiramo catsopano nthawi isanathe.

Akristu ife sitiyenera kudabwa ndi zimenezi. Palibe kalata ya mtumwi Paulo imene yatifika pa pepala limene linacoka m'manja mwace. Tili ndi mau ace cifukwa alembi okhulupirika anawakopera ndi dzanja, mbadwo ndi mbadwo, zikopa zakale zisanaole. Paulo mwini wace, ali m'ndende, anapempha Timoteo kuti amubweretsere mabuku ndi zikopa zace, monga tiwerenga pa 2 Timoteo 4:13.

Tsono tidzifunse: maina a obatizidwa, nyimbo za kwaya yathu, zithunzi za tsiku limene nyumba ya mapemphero inatsegulidwa, zonsezi zili kuti? Ngati zili pa foni imodzi kapena pa fulashi imodzi ya mlembi wa mpingo, zili pangozi. Pa msonkhano wanu wotsatira, pemphani cilolezo kwa abusa ndi akulu a mpingo kuti musonkhanitse makaseti, ma CD ndi zithunzi zakale. Zikopereni pa malo awiri kapena atatu, ndipo zofunika koposa muzisindikize pa pepala. Zikapita zaka zingapo muziyesenso ngati zitseguka. Makolo athu anatisungira, nafenso tisungire ana amene akubwera m'mbuyo mwathu.