Ambuye a Akhungu a ku Magwero

Munthu akacoka ku Chipata, mzinda umene makolo athu anauzolowera ndi dzina la Fort Jameson, nalunjika cakumpoto kufupi ndi malire a Malawi, afika pa Magwero. Ife a ku Chipangali tamva dzina limeneli kuyambira ubwana wathu, koma wina akatifunsa za malowo timangoti, "Ndiko kuli sukulu ya akhungu," osadziwa amene anaiyamba kapena amene anaisunga. Pano ndifuna kulongosola za mai mmodzi, Ella Botes, amene anathera mphamvu zace pa nchitoyo. Koma kuti mbiri yace imveke, tiyenera kuyambira pa iwo amene anamtsogolera.

M'caka ca 1898 Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa ndi asilikari a Angerezi. Dziko lisanakhazikike bwino, mfumuyo inalola kuti aphunzitsi a Mau a Mulungu alowe m'dziko lace, ndipo pa 5 July 1899 abusa awiri a mpingo wa Dutch Reformed, P. J. Smit ndi J. M. Hofmeyr, ocokera ku Orange Free State, anamanga msasa wao pamalo amene anawacha Magwero. M'zaka zotsatira anatsegulanso Madzimoyo, Nyanje ndi Nsadzu.

Masiku amenewo khungu linali lofala, pakuti nthomba ndi cikuku zinali kuononga maso a ana ambiri. Mwana wotere sanali kudedwa iai. Abale ace anali kumdyetsa ndi kumfunditsa. Koma palibe amene anali kuyembekeza kanthu kwa iye. Anzace akapita kukaweta mbuzi iye anali kutsala pakhonde, ndipo sukulu itafika m'mudzi anatsalanso, cifukwa ndani akanaganiza zopatsa buku munthu wosapenya?

Woyamba kuganiza zimenezo anali Mai Issie Hofmeyr, mkazi wa mmishonale wa pa Magwero, amene m'caka ca 1905 anayamba kuphunzitsa akhungu. Anagwiritsa nchito malembo a Louis Braille, Mfalansa amene iye mwini anacita khungu ali mwana wa zaka 3, nafalitsa njira yace m'caka ca 1829. Lembo liri lonse la Braille lipangidwa ndi timadontho totumphuka tosapitirira 6, ndipo mwa kusinthasintha timadonthoti patuluka zizindikiro 63. Wolemba aboola pepala lolimba ndi kacitsulo kosongoka kuyambira kudzanja lamanja kunka kumanzere. Atatha alitembenuza, ndipo cala ciwerenga kucokera kumanzere monga ticitira ife ndi maso. Ndi njira yocedwa imeneyi Mai Hofmeyr analemba Uthenga Wabwino wa Yohane m'Cinyanja. Ine amene ndikhalira kulemba makalata a boma tsiku ndi tsiku, ndipo ndidandaula dzanja likatopa ndi tsamba limodzi, ndicita manyazi poganizira mitu 21 ya Yohane yoboola dontho limodzi limodzi.

Maiyu anamwalira m'caka ca 1910, nchito iri yanthete. Ikadafera pomwepo pakadapanda wophunzira wace wakhungu, Lazaro Banda, amene anasunga cimene analandira nacipatsira akhungu anzace. Cotero pamene Ella Botes anaitenga nchitoyi, anapeza moto usanazime. Anaphunzitsa akhungu poyamba ku Nyanje, m'dziko la Ansenga, ndipo pambuyo pace sukuluyo inakhazikika pa Magwero.

Tisaganize kuti kuphunzitsa kotere kufanana ndi kumene tinakuona ife m'masukulu athu. Mphunzitsi wa openya alemba kamodzi pabolodi, ana 40 naona onse pamodzi. Wa akhungu alibe bolodi. Ayenera kugwira cala ca mwana ali yense payekha, kuciyendetsa pa timadontho kufikira citazindikira kusiyana kwa lembo ndi linzace, ndipo zimenezi zitenga miyezi. Buku liri lonse liyenera kuyamba lapangidwa ndi manja. Ndiponso akhungu sakhala mudzi umodzi: wina acokera kuno, wina kutali, kotero kuti sukulu yao iyenera kukhala yogonera komweko. Mwana akafika, asanayambe za malembo, ayenera kuphunzira njira ya kucitsime, poika mbale yace, ndi mau a anthu acilendo amene tsopano akhala abale ace. Kunena zoona, cobvuta coposa ciri kwa makolo. Mai amene sanalole mwana wace wakhungu kupitirira nkhokwe yekha, angampereke bwanji kwa mlendo kuti akakhale naye caka cathunthu? Sukulu ya mtundu umenewu iima pa kukhulupirika kwa munthu amene makolo amdziwa kuti saacoka, ndipo Ella Botes sanacoke. Zaka makumi angapo zinapita, amishonale ena anabwera nabwerera kwao, iye ali pomwepo.

Atakalamba kale, pa msinkhu umene ena aganiza zopumula, anayambanso cina. M'caka ca 1955 pa Magwero panatsegulidwa sukulu ya ogontha, yoyamba m'dziko lonse la Northern Rhodesia. Apa zonse zimene anazolowera zinatembenuka: kwa akhungu anali kudalira mau ndi cala, koma kwa ogontha mau alibe nchito, ndipo diso ndilo khomo lokha.

Pamutu pa nkhani ino ndamucha ambuye, ndipo wina angatsutse, pakuti mabuku amlemba kuti Miss Botes. Koma kwathu kuno ana akaleka kuyamwa amakagona kwa ambuye ao, ndipo ndi komweko amamva nthano, malangizo ndi mwambo. Ambuye ndiye amene alandira ana a anthu ena m'kuka mwace, nawalera kufikira atakula. Ngati ana amene iye anawaphunzitsa anakula naphunzitsa ena, enawo tiwache ciani, ngati si adzukulu?

Pali cinthu cimodzi cimene sicindikondweretsa m'mbiri imeneyi. Mpingo umene unatuma amai awiriwa unacokera m'dziko la tsankho, ndipo olemba mbiri a masiku aja anali kusamala maina a Azungu koposa a eni dziko. Cifukwa cace Lazaro Banda achulidwa m'mzera umodzi kapena iwiri, ngakhale kuti iye ndiye anali mlatho pakati pa Mai Hofmeyr ndi Ella Botes. Amene alemekeza Ella Botes ayenera kuchula Lazaro pamodzi naye.

Mpingowo unayamba kudzilamulira wokha m'caka ca 1966, ndipo lero uchedwa Reformed Church in Zambia. Masukulu onse awiri, ya akhungu ndi ya ogontha, akalipo pa Magwero, ndipo alandira ana ocokera m'maboma onse a kuno kum'mawa.