Ndalama za Beit: milatho kaye, ophunzira pambuyo

Aliyense amene anakwerapo basi ya ku Joni amalidziwa dzina la Beitbridge, chifukwa ndi pamene anthu amagona pamzere kudikira chidindo. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti chuma chimene chinamanga mlatho woyamba pamenepo, pa mtsinje wa Limpopo mu 1929, ndi chomwecho chimene mpaka lero chimalipirira ana a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe maphunziro apamwamba ku Britain ndi ku South Africa.

Mwini wake anali Alfred Beit, wobadwira ku Hamburg mu 1853. Analemera ndi dayamondi wa ku Kimberley ndi golide wa ku Johannesburg, ndipo anali bwenzi la ponda apa nane mpondepo la Cecil Rhodes pa kampani ya De Beers. Sanali woyera mtima ayi. Dzina lake linatchulidwa pa chiwembu cha Jameson cha mu 1895, chofuna kulanda boma la Transvaal ndi mfuti. Atamwalira mu 1906 anasiya mapaundi 1.2 miliyoni oti atukule njira zoyendera m'maiko a Rhodesia. Oyang'anira chumacho anayamba ndi njanji ndi milatho: wa Birchenough pa mtsinje wa Save mu 1935, wa Otto Beit ku Chirundu mu 1939. Nyasaland analowamo mochedwa, mu 1954, nthawi ya chitaganya. Chipatala cha mafupa cha Beit CURE ku Blantyre chili ndi dzinali pa chifukwa chomwecho.

Chimene chimandigwira mtima ine, monga munthu amene ndinakalambira pa bolodi ndikuphunzitsa mbiri yakale ku sekondale, n'chakuti mu 1905, milatho yonseyi isanaganizidwe, Beit anali atapereka kale ndalama ku Oxford zolembera pulofesa wa mbiri ya maiko olamulidwa ndi Britain. Munthu wa migodi ameneyu ankadziwa kuti wolanda dziko amafunikanso womulembera nkhani yake. Sanafunse kuti mbiri yakale idyetsa ndani. Funso limenelo timafunsa ndife.

Rhodes naye anachita zofanana. Atamwalira mu 1902, wilo yake inakhazikitsa sikolashipu ya ku Oxford, oyamba anapita mu 1903, koma akazi anayamba kuloledwa mu 1977. Kenako kunabwera ya Commonwealth, imene inagwirizanidwa pa msonkhano wa ku Oxford mu 1959, ophunzira oyamba n'kunyamuka mu 1960. Imeneyi ndiyo inatsegula khomo lenileni, popeza inafika pamene maiko athu ankakonzekera ufulu alibe aphunzitsi awoawo a ku yunivesite.

Yunivesite ya Malawi itatsegulidwa mu 1965, ambiri ophunzitsa anali ochokera kunja. Mmalawi wofuna digiri ya kafukufuku ankayenera kuwoloka nyanja, ngakhale nkhani yofufuzayo inali ya kumudzi kwawo. Owen Kalinga analemba za ufumu wa Angonde ali ku London. Kings Phiri anatengera mbiri ya Achewa ku Wisconsin, ku America. Sam Mchombo, Jack Mapanje ndi Al Mtenje anakasanthula galamala ndi kamvekedwe ka Chichewa ku London komweko. Zimaseketsa ukaziganizira: mawu ankawatola kwa agogo a ku Karonga kapena ku Kasungu, chidindo chovomereza kuti mawuwo ndi nzeru n'kukachipeza kwa azungu. Komabe popanda ulendo umenewo, sindikadakhala ndi choti ndiuze ana anga a Fomu 3 kupatula za David Livingstone.

Ndipo maphunziro amenewa sanali opanda ngozi. Mapanje atabwerera kudzatsogolera dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991, popanda mlandu wozengedwa. Boma la nthawi imeneyo silinkaopa womanga milatho.

Masiku ano kwachuluka thandizo la mtundu wina, lolipira fizi yokha. Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa anabwera kunyumba ndi kalata yotero, yochokera ku yunivesite ina ya kunja, yomulola kukafufuza nyimbo za pamtondo. Tinakhala pakhonde ndi pensulo. Fizi yalipiridwa, inde. Nanga ya ndege, ya viza, ya lendi, ya chakudya? Nanga yobwererera kuno kudzajambula amayi akusinja, popeza nyimbozo sizili m'laibulale? Wofufuza mbiri kapena chilankhulo safuna makina odula. Amafuna ya minibasi yopita ku National Archives ku Zomba, kachipangizo kojambulira mawu, shuga ndi sopo wopatsa nkhalamba imene yamutayira tsiku lonse, ndi miyezi yambiri yosagwira ganyu ina. Zimenezi n'zimene kalata ya fizi yokha siiona, ndipo n'chifukwa chake thandizo lotere limathera kwa ana a anthu amene ali nazo kale.

Mtsikanayo anayankha kuti amusungire malo mpaka chaka chotsatira. Pano akuphunzitsa Chichewa pa sukulu ina ya pulaiveti ku Lilongwe, ndipo akulemba mafomu a Beit ndi a Commonwealth.