Kulunjikitsa kuwala m'makina ozokota a leza

Makina ozokota a leza amalemba kapena kudula matabwa, chikopa ndi pulasitiki pogwiritsa ntchito kuwala kotentha. Makina ang'onoang'ono ngati K40 amayendera leza ya CO2, imene Kumar Patel anaitulukira ku Bell Labs mu 1964. Kuwala kwake sikuoneka ndi maso.

Gwero la vuto

Kuwalako kukatuluka m'chubu kumagunda magalasi atatu, kenako kumadutsa pa lenzi n'kufika pa thabwa. Galasi limodzi likapendekeka pang'ono, makina amadula bwino mbali imodzi ya thabwa, mbali inayo n'kumangowaula pamwamba.

Kakonzedwe kake

Wokonza amamata tepi ya pepala patsogolo pa galasi lachiwiri. Amawombera kuwala kamodzi galasilo lili pafupi ndi loyamba, n'kuwomberanso lili kutali. Madontho awiri opserera akagwera posiyana, amapotokola masikuluwu a galasi loyamba mpaka madonthowo agwere pamodzi. Akatero amasamutsira tepi pa galasi lachitatu n'kumakonza lachiwiri.

Makina a dayodi alibe magalasi amenewa. Vuto lawo kawirikawiri ndi lamba wokhwepa, amene amapotoza zozungulira, kapena felemu yopindika. Felemu amaiyesa pojambula sikweya: mizere iwiri yodutsa pakati kuchoka pangodya kufika pangodya iyenera kufanana kutalika.

Chitetezo

Kuwalaku kumawononga maso, choncho wokonza amavala magalasi otetezera oyenerana ndi mtundu wa lezayo. Pulasitiki ya PVC sayenera kuidula chifukwa imatulutsa mpweya wapoizoni.